Waya wa Pansi pa Malata

"Mukufuna mutiotchere m'nyumba, alamu? Bwerani mugwire chitsekochi muone!"

Anali amuna a mlongo wanga, pakhomo pawo ku Sinda, dzuwa lili paliwombo. Mlongo wangayo anali atagwidwa ndi magetsi pokhudza chitseko chachitsulo. Mawaya a m'nyumbamo ndinaika ndine ndisanamere imvi, ndipo ndinalumbira kuti eni nyumba adzakalamba waya akali mnyamata.

Ine mtima wanga ndi wapachala. Ndinawauza kuti munthu wolekezera giredi faifi asandiphunzitse ntchito. Ndinasolola m'bokosi la zida kachidutswa ka waya kotsala pa mpukutu womwe ndinagwiritsa ntchito m'nyumbamo, n'kukapinda pamaso pawo.

"Onani! Kofewa ngati kogula lero. Zaka zake ndi zomwezo."

"Nanga kameneko kamakhala kudenga?" anatero alamu. "Kwerani."

Ndinazimitsa magetsi n'kukwera ndikung'ung'udza. Pansi pa malata panali ngati mu uvuni wa njerwa. Waya ankaoneka bwinobwino, woyera, wopanda bala. Nditangomupinda pang'ono, pulasitiki yake inayoyoka ngati makoko a mtedza wouma, mkuwa poyera. Podutsa pa msomali anali atakhudza kale lata. Pansi pake penipeni panali mabelo a thonje odikira ogula, ndi mphasa yogonapo ana atatu.

Ndinakumbuka zimene ndinamvapo pa wailesi, zoti kunja, kumene amapanga magetsi a nyukiliya, akatswiri amaika tizidutswa ta waya m'ng'anjo miyezi yambiri pofuna kudziwiratu chaka chimene pulasitiki idzafe. Tsiku limenelo ndinaseka, ndinati akusowa chochita. Chonsecho ine ndinkayeza ukalamba wa waya ndi kachidutswa kokulira pamthunzi.

Ndinatsika. Alamu atandiona nkhope anasiya kukalipa, n'kuyamba kukokera thonje panja mwakachetechete. Bola akanandituka.

Mpukutu uja unali waukulu. Sitolo ya pamsika, tchalitchi, nyumba ya mayi wina wamasiye wolera adzukulu cha ku Katete, konseko ndinasiyako waya yemweyo ndi lumbiro lomwelo. Utsi uliwonse umene ndinauona pobwerera, ngakhale wa m'munda, mtima unkangoti phwii.

M'mawa mwake ndinamangirira makwerero panjinga, pulayala m'thumba, ulendo kwa mayi wamasiye uja. Ndinawapeza akusesa pabwalo. Ndinavula chipewa.

"Amayi, ndinakunamizani. Tulutsani ana, ndizimitse magetsi."

Asanafunse n'komwe, ndinali nditatsamiritsa makwerero pakhoma.