Apongozi pa mseu wa Katete

Chaka chimene ndinapita kuchikamwini kufupi ndi Katete ndi chomwenso kunabwera mipikisano itatu yothamanga pamseu. Zinali m'zaka za m'ma 1970. Ankayendetsa zonse anali mphunzitsi wina wamasewera, wenzulo pakhosi, njinga yake yopanda mabuleki. Anati tidzayambira ku Sinda, kenako ku Vubwi, n'kumalizira ku Katete, mtunda ukunka nutalika kuti miyendo izolowere. Atatu ochita bwino pa yonseyo adzakwera lole kupita ku Lusaka kukathamanga marathoni. Ine ku Lusaka ndinali ndisanapondeko, ndipo malo apalolewo ndinkawafuna koopsa.

Kumudzi kwa mkazi wanga sankazimvetsa. Munthu wamkulu, wapabanja, kumathamanga m'mamawa popanda chomupirikitsa? Alamu anga ankati mphamvu za khasu ndikuzitaya pamseu. Ndime yanga ndinkalima kaye, koma pakamwa pawo sipankatsekeka. Ndinkangomeza mate, poti mkamwini asamakule mwendo. Maganizo a apongozi anga aakazi ndiwo sindinkawadziwa, ndipo ndikanawadziwa bwanji? Masiku amenewo mkamwini ndi apongozi sankaonana maso. Ukawaona akubwera unkapatuka, n'kukanjuta patchire mpaka adutse. Mawu aliwonse ankadzera mwa mkazi wanga.

Mipikisano iwiri yoyamba ndimaikumbukabe ndi mtima wofewa. Ku Sinda phula linandiwotcha mapazi, poti ndinkathamanga wopanda nsapato. Ku Vubwi tinagona m'kalasi, tonse pansi, tikudya mbatata yootcha ndi kunamizana kuti sitinatope. M'mawa mwake zitunda zakumeneko zinatiulula. Anyamata awiri a kusekondale anatisiya kutali konsekonse, moti malo awiri anali awo basi. Otsalawo tinkalimbirana ine ndi wapolisi wina wa ku Katete, mwini nsapato zoyera zatenesi, amene ankandifunsa mwachipongwe ngati mapazi anga ndimawapaka polishi. Mphunzitsi uja ananena poyera kuti pa awirife, wotsogola ku Katete ndiye adzakwere lole.

Tsiku la ku Katete tinanyamuka pamsika, kutsata mseu waukulu kulowera ku Sinda, n'kukatembenuka. Bambo wina wachisilamu, mwini sitolo, anaika mgolo wa madzi pakhonde pake n'kumatithira ndi mbale tikamadutsa. Pobwerera ndinali patsogolo pa wapolisi uja. Nsapato zake zinkamveka kumbuyo, koma chapatali. Nthiti zinkabaya, kukhosi kuli gwa, komabe mumtima ndinali nditakwera kale lole.

Titatsala pang'ono kulowa m'tauni, pamphambano ya njira yopita kumudzi kwa mkazi wanga, ndinaona chitenje chachikasu pakati pa anthu oonerera. Ndinkachidziwa bwino, ndinkachiona choyanikidwa kuseri kwa nyumba ya apongozi. Ndipo ine ndili chifuwa pamtunda, kakabudula kakafupi, ntchafu zonse panja.

Sindinganame kuti ndinaganiza. Miyendo inapatuka yokha. Ndinalumpha ngalande, n'kukanjuta m'maudzu, mutu pansi, kudikira kuti adutse. Amene anadutsa anali wapolisi uja, nsapato zake zili phaphapha. Apongozi osamveka kuyenda. Nditaona kuti nthawi ikutha ndinazungulira m'munda wa eni, minga ikundilasa, n'kukatulukira pamseu kutsogolo. Ndinathamanga ngati wamisala, koma ndinafika pamsika ndikuona msana wa wapolisi. Ndinali wachinayi.

Kunyumba ndinafika nditafufuma ndi mkwiyo. Ndinamukalipira mkazi wanga ngati ndiye analakwa.

"Masiku onsewa, amayi ako anasowa tsiku lina lopitira kumseu? Andidyetsa fumbi pamaso pa anthu."

Anandisiya ndilankhule mpaka mawu anandithera. Kenako anati, "Amayi sanali paulendo. Anabwera chifukwa cha inu."

Anandifotokozera kuti apongozi ananyamuka kusanache, okha, ana awo aamuna akuwaseka. Ananyamula madzi m'chikho, n'kukachiika pamwala m'mphepete mwa mseu. Anthu atafuula kuti othamanga akubwera, iwo anatembenuka kuyang'ana kumunda, n'kudzifunditsa chitenje kumutu, kuti ine ndidutse pamseu momasuka. Anaima choncho mpaka womaliza atadutsa. Ndikanangokweza maso kamodzi, ndikanaona kuti andifulatira kale.

Ndinachita manyazi, mkwiyo wonse unathera pomwepo. Ndinafunsa ngati akudziwa zimene ndinachita.

"Sakudziwa. Abwera akusangalala. Akuti potembenuka apeza chikho chilibe kanthu, ndiye kuti mkamwini wawo wamwa."

Amene anamwa madziwo ndinamudziwa patapita masiku. Wapolisi uja, atabwerako ku Lusaka, anandiuza akuseka kuti pamphambano paja anali atatsala pang'ono kugwa, koma munthu wina wachifundo anasiya madzi pamwala.

Chaka chotsatira mphunzitsi uja anasamutsidwa, mipikisano inathera pomwepo, kwathunso kunabadwa mwana. Marathoni sindinaithamangepo. Apongozi anakhala nafe zaka zambiri, mpaka mwambo unafewa, tinayamba kupatsana moni chapatali. Alendo akabwera ankakonda kuwauza kuti mkamwini wawoyu anali katswiri wothamanga, ndipo tsiku lina anamwa madzi awo pamseu wa Katete. Ndinkamva ndili kuseri, ndikusema mpini kapena kukonza nkhokwe. Mpaka tsiku limene tinawaika m'manda, ine ndi mkazi wanga sitinawatsutsepo.