Khutu la Makaniko

Pa galaja ponse ankawatchula kuti a Khutu. Galimoto ikangolowa pageti, iwo ali chagada pansi pa ina, ankanena kuti, “Imeneyo ndi beringi, musavutike n'kutsegula boneti.” Maso anali nawo, koma ankadyera khutu, ndipo ana awo onse anakulira khutu lomwelo.

Matenda anabwera mwaulemu ngati mlendo wopempha madzi akumwa. Chipewa chinayamba kuthina. Kenako miyendo inachita matewe. Anzawo ankawaseka kuti, “Akulu, mutu ukukulirakuliratu, nzeru zasowa pokhala eti?” Nawonso ankaseka, ululu ukuwadya m'mafupa.

Dokotala sanawabisire. “Bambo, asilikali a m'thupi mwanu akumangoliza lipenga la nkhondo pomwe mdani palibe. Mafupa akamva lipengalo amagumuka n'kumangidwanso mwaphuma, okhuthala koma osalimba. Chigaza chanu chikufinya mtsempha wa khutu. Mankhwala achepetsa liwiro, koma zomwe zapita sizibwerera.”

Mantha anawagwira kwambiri. Makaniko wogontha angamusunge ndani pa ntchito? Sanauze munthu kupatula mng'ono wawo, yemwe ankagwira nawo pa galaja pomwepo.

“Achimwene, musadandaule,” anatero mng'onoyo, atawayandikira kukhutu. “Makutu angawa ndi a tonse.”

Kuyambira pamenepo, injini ikamalira, mng'ono ankaima kumbuyo kwa mwini galimoto n'kumaloza ndi chibwano pamene pali vuto. Bwana akaitana, ankawagunda ndi chigongono. A Khutu ankangogwedeza mutu wawo waukuluwo, anthu n'kumati mkuluyu wayamba matama. Chinali chikondi, inde, koma chikondi chopusa, cha anthu awiri ofunditsa moto ndi nsalu.

Tsiku lina masana kunali pikitipikiti. Galimoto yaing'ono inali pa jeke, mwini wake akuyendayenda ndi makiyi m'manja, akudandaula kuti wachedwa. A Khutu anamanga tayala lomaliza. Ankaganiza kuti mng'ono wawo wapita kukagula mafuta a mabuleki. Pa galajapo jeke sankatsitsa chisawawa: umayamba wafuula kuti, “Pansi pali munthu?” Kukakhala chete, ndiye umatsitsa.

Anafuula. Anadikira, khosi litapendekeka monga ankachitira kale. Kunali zii. Anapotokola chogwirira.

Anadzidzimuka poona anzawo akutaya masipanala, akuthamanga kukamwa kuli yasa. Manja ambirimbiri ananyamula galimoto ija. Amene anamukoka pansipo anali mng'ono wawo, chifuwa chitaphwanyika, maso ali tong'o. Sanafike n'kuchipatala komwe.

Wowotcherera zitsulo, bambo wofatsa amene sanakalipirepo munthu, anawagwira a Khutu ovololo pakhosi, misozi ili chuchuchu. “Anakuyankhanitu! Anati ‘Ndilipo, achimwene!’ Tonse tinamva! Inu simunamve bwanji?”

A Khutu ankangoona milomo ikuyenda. Anatembenuka mwachizolowezi, kufunafuna mng'ono wawo kuti awauze zimene munthuyu akunena.