Tsiku Limene Chigayo Chinazimitsidwa Masana

Ndinagwira ntchito pachigayo cha ku Nathenje zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo anthu ambiri kumeneko sankaidziwa nkhope yanga yeniyeni. Ankandiona ndili mbuu ndi ufa kuyambira kutsitsi mpaka m'zikope. Lamulungu ndikasamba n'kuvala za kutchalitchi, amayi omwe ndinkawagayira mgaiwa sabata yonse ankandipatsa moni wa mlendo.

Ntchitoyo ndinkaikonda, ndisaname. Chimanga ndinkangochigwira m'manja n'kudziwa kuti ichi chauma bwino, ichi mwini wake wachikolola ndi njala. Koma chigayo chimadya makutu. Pang'onopang'ono ndinayamba kulankhula ngati ndikuitana munthu ali tsidya lina la dambo, ndipo akazi anga ankangoti tili pompano bambo, musadzutse mudzi. Tinkaseka. Kusekako kunatha tsiku lomwe mwana wathu wamkazi anatchula koyamba kuti "ababa", ali pamiyendo panga penipeni. Amayi ake analumpha n'kuwomba m'manja, ine n'kumafunsa kuti kwagwanji. Sindinamve. Zinandiwawa, ndipo ndinachita mantha.

Ndiye mlamu wanga atabwera ndi nkhani yoti ku Mitundu amayi ena a sitolo ya mbewu ndi feteleza akufuna wogulitsa, mutu wanga unazungulira ngati lamba wa injini. Anati ndikayesedwe tsiku la msika. Ndinasamba katatu, madzi n'kumatulukabe oyera ndi ufa. Ndinabwereka malaya a mlamu yemweyo, aatali manja, ndipo pa kabaza wa njinga yamoto ndinaimba njira yonse, mpaka woyendetsa anandifunsa ngati ndikukakwatira.

Eni sitolowo anali mayi wofatsa, wolankhula motsitsa, moti ndinkangowayang'ana pakamwa n'kumagwedeza mutu. Anandiimika kuseri kwa kauntala. Woyamba kulowa anali agogo ena aamuna. Ndinawalonjera mwaulemu wanga wonse, koma nkhuku zomwe zinali pakhonde zinabalalika, agogowo n'kugwira chipewa chawo. Ndinaganiza kuti ndayamba bwino.

Kenaka kunabwera bambo wina wotchena, wa nsapato zonyezimira. Anawerama n'kundinong'oneza kanthu. Ndinaona pakamwa pake, ndinazindikira, ndipo pofuna kuonetsa kuti ntchito ndikuitha ndinamuyankha monong'ona, kunong'ona kwake kwa kuchigayo.

"Mankhwala a nsikidzi alipo, bwana. Zachuluka bwanji kwanuko?"

Amayi ogulitsa tomato kutsidya kwa msewu anatembenuka onse. Bamboyo anatuluka osatsanzika, ndipo ndikukhulupirira kuti mpaka lero amalambalala sitoloyo. Ndinati basi, yatha ntchito isanayambe. Koma eni sitolo anali atagwira shelefu, misozi ili mbwembwembwe ndi kuseka. Atapuma anandiuza kuti m'katimo ndiwathamangitsira anthu, ndikaime pakhonde ndiziitana ogula.

Abale, mawu omwe ankandichititsa manyazi kunyumba aja anapeza ntchito. Ndinaitana mbewu ya chimanga, ndinaitana ya soya, ndinaitana makasu, anthu n'kumachoka kumsika wa mbuzi kudzaona amene akufuulayo. Ndinavinako pang'ono, thumba la mbewu lili paphewa. Pofika madzulo amayi a sitolo aja anati ngati ndafuna ndiyambe sabata yotsatira.

Pobwerera ndinaimbanso, koma titayandikira Nathenje nyimbo inazilala. Eni chigayo anali madala amene anandilandira ndili wosadziwa ngakhale kumanga sefa, ndipo tsiku la ukwati wanga anagaya ufa wonse waphwando ndi manja awo. Ndinayamba kupanga nzeru zoti ndizigwira masiku atatu uku, atatu uko. Akazi anga anandidula, amvekere mapanga awiri avumbwitsa, ndipo makutu sawagula kumsika. Lamulungu lonse ndinkati ndikadzuka pampando ndachoka ntchito, ndikakhala pansi sindichoka.

Lolemba ndinapita kuchigayo nditavalanso malaya a mlamu aja, ndisanadziwe chomwe ndikanene. Amayi odzagayitsa anali atandanda kale ndi matumba awo. Madala anandiyang'ana, anayang'ana malayawo, kenaka anatambasula dzanja n'kuzimitsa chigayo.

Chigayo chathu masana chinkazima pa zinthu ziwiri zokha, magetsi akathima kapena kukagwa maliro. Babu la magetsi linali likuyaka, choncho amayi aja anaimirira n'kuyamba kufunsana kuti watisiya ndani. Mmodzi anali atayamba kale kumanga chitenje m'chiuno. Ine ndinaseka mpaka kukhala pathumba la gaga, ndipo ndikusekabe ndinazindikira kuti m'makutu mwanga mukulirabe chigayo chomwe chinali chitazima.

Ndinayamba kufotokoza za ku Mitundu, ndikuzungulira uku ndi uku, koma madala anandiletsa ndi dzanja. Sankamva zomwe ndinkanena, ndipo sankafunika kumva.

"Ine mawu a zidzukulu zanga sindiwadziwa," anatero mofuula ngati ine ndemwe. "Ndimangoona pakamwa pakuyenda. Pita, mwanawe, makutu akadalipo."

Anandimenya kumsana ndi manja onse awiri, n'kuyatsanso chigayo. Ndinafika kunyumba ndili ndi zikhatho ziwiri zoyera pamalaya a eni ake, ndikuseka komanso ndikulira, ndipo mlamu wanga sanawafunenso malayawo.

Ku Mitundu ndikadali pakhonde lomwelo, ndipo ana a sukulu amanditengera mawu akamadutsa. Khutu lakumanzere linapita ndithu, silinabwerere. Lakumanja ndinalipulumutsa. Mwana wanga uja tsopano ali sitandade 3, ndipo akakhala ndi chinsinsi amandizungulira kumbuyo, amafika mbali yakumanja, n'kunong'ona. Zambiri zimakhala zopanda mutu, za mphaka ndi za anzake a m'kalasi, koma ndimamva liwu lililonse.