Timabowo ta pa Chikalata cha Apongozi

Ine matenda anga ndi mapepala akale. Anzanga amaweta nkhunda, ine ndimasunga zikalata za masheya a makampani a migodi amene anatha kalekale. Choyamba ndinachipeza pa Songani, mayi wina atandikulungira nacho matemba. Nditafika kunyumba matemba ndinakhuthulira m'mbale, pepala n'kuliwongola ndi simbi. Mkazi wanga anangoti, "Aphunzitsi, misala yanjinso iyi?" Mpaka lero limanunkhabe nsomba.

Zikalata zotere zinabwera kuno ndi amuna amene ankapita ku Joni. Akamasesa m'maofesi a azungu ankatola zotayidwa, poti zinali zokongola: m'mphepete maluwamaluwa, pakati chithunzi, pansi chidindo. Nditapuma pa uphunzitsi ndinkapalasa njinga m'midzi ya kwa Kuntumanji kufunsa amene anatsala nazo. Anthu ankandiseka, ine osasamala.

Koma chokongola kuposa zonse chinali pamudzi pomwe ndinakwatira, m'sutikesi yachitsulo ya apongozi anga aamuna. Mvula ikatha ankachiyanika pakhonde. Chinali chobiriwira, ndi chithunzi cha munthu atawerama, piki kumanja, nyali pachipumi. Ndinkachifuna koopsa, koma mkamwini sapempha za m'sutikesi ya apongozi. Ndinkangoonera patali n'kumeza malovu.

Mudzi wonse unkakhulupirira kuti mkuluyo ali ndi gawo mumgodi wa golide, ndipo ankapatsidwa nazo ulemu. Mlamu wanga, mwana wawo woyamba, ankati tsiku lina pepalalo lidzagula thirakitala yolimira ku sikimu ya mpunga ya Likangala. Chomudandaulitsa chinali chimodzi: m'munsi mwake munali timabowo tambirimbiri, ndipo aliyense ankati ndi njenjete.

Chaka china nyanja ya Chilwa inaphwa, mpunga n'kupserera. Mlamu anaumirira kuti chikalata apite nacho ku Blantyre njenjete zisanachimalize. Apongozi panthawiyo chifuwa cha fumbi la mumgodi chinali chitawafoola. Anandiitanitsa masana pakhonde, ana awo onse atakhala pansi.

"Akamwini, inu chizungu mumachidziwa. Tiwerengereni."

Ndinachilandira ndi manja awiri, koyamba m'moyo wanga, n'kuchikweza kudzuwa. Kuwala kutadutsa m'timabowo, ndinaona zilembo. Njenjete sizilemba zilembo. Mabowowo anali a makina, ondondozana bwinobwino, ndipo ankanena kuti chikalatachi chinathetsedwa. Dzina la mwini wake linalinso la mzungu.

Ndinachita mantha. Ndikanena zoona, ndivula munthu wamkulu pamaso pa ana ake. Ndikanama, mlamu akakwera basi kukasekedwa m'tauni. Ndinayang'ana pansi n'kuti, "Bambo, pepani. Izi si njenjete. Kampaniyi inatha, ndipo pepalali analipha okha eni ake."

Mlamu anadzambatuka. "Bodza, alamu! Mukufuna mulitenge inu. Misala yanu ya mapepala tikuidziwa!"

Zinandibaya, chifukwa kulifuna ndinkalifunadi.

Apongozi anaseka mpaka kutsokomola. Atapezako mpweya anati, "Khala pansi iwe. Kodi ine ndinakuuzapo liti kuti ndi chuma? Ndinatola m'bini ya ku ofesi. Za golide munkanena ndinu, ine ndinkangomvera, poti zinkandikomeranso."

Kenako anatenga pepalalo m'manja mwanga, naika chala pa munthu wa pachithunzi uja.

"Ku Joni ndinapita ndi achimwene anga. Mwala unawagwera mumgodi, ndipo sanawatulutse. Ndinabwera ndekha, opanda ngakhale chithunzi chawo. Koma taonani kaweramidwe aka, phewa ili. Ndi iwo ndithu. Inu mumati ndimayanika pepala. Ine ndimawatulutsa kuti aothereko dzuwa, poti kumene aliko kulibe."

Mkazi wanga anadzifunditsa chitenje kumaso. Mlamu anatola khasu n'kupita kudimba. Ine manyazi anandigwira, kuti zaka zonsezo ndinkasirira maluwa a m'mphepete, munthu ali pakatiyo osamuona.

Apongozi anamwalira mvula yotsatira isanagwe. Titameta, apongozi aakazi anandiitana kuseri kwa nkhokwe, nandipatsa pepala lija litakulungidwa mu duku. "Anati mupatse akamwini, ndi okhawo adziwa kusunga."

Zikalata zina zonse ndimaziika mufayilo, alendo akabwera ndimawaonetsa, ndipo ndimalongolola mpaka amatopa nane. Ichi chokha chili pachokha, ndipo sinditi ndi changa. Mvula ikatha ndimachitulutsa pakhonde. Mphepo ya ku Chilwa ndi yosaweruzika, choncho pafunika chopsinjira. Tsiku lina mkazi wanga ananditolera mwala, ine n'kukana. Ndimapsinja ndi kapu yopanda kanthu. Achimwene a apongozi aja mwala umodzi unawakwanira.