Ignasio Kalinde ndi Njerwa za Alamu Ake

Ignasio Kalinde anabadwira ku Mikolongwe, ndipo sukulu anailekera sitandade 7 popanda kukangana ndi wina aliyense. Aphunzitsi sanamusowe, iyenso sanawasowe. Chimene chinamutchukitsa chinali chitsulo chake: paipi yakale ya madzi, uku ndi uku atalowetsa zitini za penti zodzaza simenti. M'mawa uliwonse asanapite kumunda ankachikweza ndi kuchitsitsa kuseri kwa nyumba, mpaka malaya onse anayamba kumuthina m'mapewa. Anthu ankati ndi misala, koma ngolo ikatitimira m'matope ankaitana wamisala yemweyo.

Mu 1994, chaka chimene dziko lonse linkasintha, iye anasintha mudzi. Anakwatira Sellina Nabanda wa kwa Mpama n'kukakhala chikamwini kwawo kwa mkaziyo. Munda umene ankalima unali wa akuchikazi, malo a nyumba a akuchikazi. Ngakhale mtengo wa mapeyala umene anadzala ndi manja ake, anamukumbutsa mwaulemu kuti mizu yake ili m'dothi la eni ake. Pa zokambirana za pamudzi ankamuitana pakafunika kusuntha benchi.

Mwini mbumba, woyang'anira alongo ake ndi ana awo, anali a Rafaeli, achimwene ake a Sellina. Anali munthu wowonda, wolankhula motsitsa, mesenjala wongogwirizira pa ofesi ina pa Boma. Kwa zaka zisanu ankadikira kalata yowalemba ntchito yokhazikika, ndipo fayilo ya nkhani imeneyo ankainyamula iwo omwe kuchoka pa tebulo ili kupita pa tebulo ilo, osaloledwa kuitsegula.

Mu 1998 kunabwera bungwe lina la thandizo lakunja kudzateteza mitengo ya m'phiri la Chiradzulu. Linkafuna alonda anayi, ndipo aliyense ankayenera kulandira yunifolomu, jombo, njinga ndi malipiro a pamwezi. Komiti yosankha inakhala katatu, inadya mabanzi katatu, kenaka inalemba chikalata chofotokoza mayeso. Chikalatacho anachikhoma m'kati mwa ofesi, kuseri kwa chitseko, pamalo pamene mvula ndi anthu wamba sakanachifikira.

Ignasio anaifuna ntchitoyo moti ngakhale ali pakati pa mzere, khasu lili m'manja, ankadziona atavala jombo. Sanali kulota za njinga ayi. Ankafuna kuti tsiku lina akatsegula pakamwa pa mudzi wa eni akewo, anthu adikire kuti amalize. Choncho Lamlungu lina potuluka m'tchalitchi anawakokera pambali a Rafaeli.

"Alamu, inu mumalowa m'maofesimo. Akufuna anthu otani?"

A Rafaeli anamuyang'ana kuyambira m'khosi mpaka m'miyendo ngati munthu wogula ng'ombe.

"Amphamvu, alamu. Ngati inuyo. Wakuba nkhuni ukamugwira, uyenera kutsika naye ndi mtolo wake womwe. Kungoti chitsulo chanucho mumanyamula mutaima pamodzi. Kumeneko akafuna wonyamula akuyenda, pokwera."

"Ndiye nditani?"

"Njerwa. Palibe chokhwimitsa msana ngati njerwa."

Zinangochitika kuti a Rafaeli anali ndi uvuni wa njerwa kudambo, ndiponso maziko a nyumba kumtunda, ndipo pakati pa ziwirizi panali chitunda chimene ngolo inkachikana. Ignasio anathokoza kwambiri. Kuyambira Julaye mpaka Seputembala ankatsika ndi thumba lopanda kanthu n'kukwera nalo lodzaza, m'mawa ndi masana. Khosi lake linafanana ndi mutu kukula kwake. Amayi a pachitsime ankaseka akamuona, iye n'kumati akusilira.

Kamodzi kokha anakayika. Anaona anyamata a mudzi woyandikana akuthamanga m'mbali mwa msewu, nafunsa ngati nayenso ayambe.

"Kuthamanga kumadya minofu, alamu," anatero a Rafaeli. "Munaonapo wothamanga wokhala ndi chidali ngati chanuchi? Mukangoyamba, zonsezi zisungunuka ngati sopo wa m'madzi. Asiyeni awo, alibe wowauza."

M'miyezi yomweyo njinga ya a Rafaeli inawonongeka. Ankapita ku Boma wapansi, ndipo poopa kuchedwa ankathamanga, thalauzi ndi malaya a kuofesi zili m'jumbo. Pobwerera ankathamanganso, ngakhale kunyumba kunalibe wolemba ochedwa. Ignasio anawamvera chisoni nadzipereka kuti aikonze njingayo. Iwo anati chitsulo chimene chathyoka sichipezeka ngakhale ku Limbe.

Tsiku la mayeso linagwa mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Pa bwalo la mpira pafupi ndi Boma panasonkhana amuna oposa zana. Ignasio anavula malaya asanauzidwe, ndipo amene anaima pafupi naye anasuntha pang'ono, ena n'kuyamba kunong'ona kuti malo atsala atatu. Kenaka anabwera a Timoti, mlembi wa komiti, atavala tayi, wezulo ili m'khosi, wotchi ili m'manja. Anawerenga mayina a alendo olemekezeka, amene sanabwere. Atatha ananena kuti onse athamange kukafika pa mlatho wa kumsewu, akalembetse dzina kwa munthu amene ali kumeneko, abwerere. Anayi oyamba alembedwa ntchito.

Ignasio anadikira kuti amve za zonyamula. A Timoti anapinda pepala. Iye anatembenuka kufunafuna alamu ake, nawaona kumapeto kwa mzere atavala kabudula ndi nsapato za nsalu, akumanga zingwe mosamala ngati ntchito yofuna maso onse awiri.

Wezulo italira, Ignasio anatsogola. Anatsogola ndithu mpaka potulukira pa bwalo, ndi pang'ono kupitirira apo. Kenaka minofu yonse imene anaidyetsa zaka khumi inayamba kupempha mpweya nthawi imodzi, ndipo mpweyawo unali wa munthu mmodzi. Miyendo inalemera. M'nthiti munabaya. Anamupitirira anyamata a m'mbali mwa msewu aja, anamupitirira ogulitsa makala a miyendo ngati bango, anamupitirira ngakhale bambo wina wa dazi amene ankathamanga atagwira thalauzi kuti lisagwe. Mlatho usanaoneke n'komwe, anakumana ndi oyamba akubwerera. Wachitatu anali a Rafaeli, akupuma bwinobwino ngati akupita ku ofesi.

"Limbikani, alamu," anatero podutsa.

Ignasio sanaleke. Anakafika pa mlatho, analembetsa dzina, anabwerera akuyenda. Pa bwalo anapeza a Timoti akudinda mapepala pansi pa mtengo, chifukwa aliyense, wopambana ndi wolephera yemwe, anayenera kudindiridwa kuti analipo.

"Bwana," anatero Ignasio befu litachepa, "nanga mayeso a mphamvu?"

"Komiti inakambirana zimenezo pa msonkhano wachiwiri," anayankha a Timoti osadzutsa mutu. "Inapeza kuti mphamvu ndi zofunika kwambiri, koma tilibe sikelo. Wotchi tili nayo."

"Ife sitinamve."

"Chikalata chakhala pakhoma miyezi itatu, achimwene. Funsani amesenjala athu. Anakhoma ndi iwowo, ndipo mwaona mmene kuwerenga kwawathandizira."

Kumudzi anthu anali atamva kale. Pa nyumba yatsopano ya a Rafaeli, imene inali itafika pa mawindo, amayi ankalulutira. Ignasio anadzera njira ya kumunda. Anapeza Sellina pakhonde akusenda nandolo, ndipo mkaziyo sanafunse mmene zayendera. Apa m'pamene Ignasio anakhala pansi.

"Amake Fiona, njinga ija inathyoka chiyani?"

Sellina anasenda nandolo ziwiri zitatu asanayankhe.

"Sinathyoke. Ili kwa amayi, kuseri kwa matumba a chimanga."

"Ndiye munkadziwa."

"Ndinkadziwa."

"Miyezi itatu ndikukwera chitunda chija inu mukundithirira madzi osamba."

"Ndinkakuthirirani, eya."

"Osandiuza ngakhale mawu amodzi."

Sellina anaika lichero pansi. Sanalire, sanakweze mawu.

"Bambo a Fiona, inu ndinu abwino, sindikukana. Koma inu mukhoza kuchoka mawa, kwanu kulipo. Achimwene sangachoke. Mwana akadwala, maliro akagwa, amene amaimirira ndi iwo. Ntchito ikakhala kwa iwo ndiye kuti ili pamudzi pano. Ikanakhala kwa inu, kaya."

Ignasio anafuna kunena kuti ntchitoyo ankaifunira kukhala, osati kuchoka. Koma anaona kuti mlanduwo unaweruzidwa kale iye kulibe, monga milandu yonse ya pamudzipo.

Sabata yotsatira anapita ku Namadzi. Pa msika pamenepo malole amafuna anthu okweza matumba, ndipo woyendetsa lole safunsa chikalata: amaloza thumba, amaloza lole. M'miyezi yochepa dzina la Kalinde linadziwika kuyambira poimikira minibasi mpaka kwa ogula nandolo. Anapeza kachipinda kuseri kwa sitolo ina, kongokwana mphasa ndi mbaula, ndipo m'menemo wakalambira.

A Rafaeli anagwira ntchito ya ulonda zaka zinayi, mpaka bungwe lija linalemba lipoti lakuti zolinga zakwaniritsidwa, n'kunyamuka. Mitengo nayo sinachedwe kutsatira. Jombo anatsala nazo, amavala pa maliro ndi pa misonkhano ya chitukuko.

Ukwati Ignasio sanauthetse. Kuthetsa ukwati kumafuna ankhoswe a mbali zonse ziwiri kuti akhale pansi amve madandaulo, ndipo nkhoswe wa kuchikazi ndi a Rafaeli. Choncho kamodzi pa mwezi amakwera minibasi kukaona ana. Amafika masana, amapereka moni kwa aliyense monga mwa ulemu wake, amadya, amafunsa za sukulu. Sellina akamufunsa ngati agona, amayang'ana dzuwa n'kunena kuti mawa kuli malole.