Ndere Pamsana Panga

Musaseke, inu. Izi ndalota masana ano nditatsamira mtengo wa mango.

Ndili kudooko, dzuwa lili paliwombo. Miyala yonse yachita mawanga a ndere zouma, zotuwa ngati zipere, zokakamira zosatheka kupala ndi chikhadabo. Zayambira pomwe mafunde amalekezera, zikulumpha mwala ndi mwala mpaka kuchilumba. Kumeneko n'kumene kuli mlamu wanga wodwala uja, mng'ono wa mkazi wanga, amene ndakhala ndikuti mawa ndimuolotsa mkazi wangayo akamuone. Bwato langa nalonso lamera ndere. Ndikuti ndidzuke, matako akukana. Ndasanduka mwala, abale, koma chipewa chili kumutu.

Akubwera amayi ndi mabeseni, mkazi wanga Nabanda patsogolo. Akumenyetsa zovala pamsana panga, phwa! phwa!

"Anabanda, mwala wabwino chonchi munaupeza kuti?" akufunsa mnzake.

"Ndinakwatiwa nawo," akutero atandivula chipewa, uku akukwecha chidendene padazi langa. "Susuntha umenewu. Umangoti mawa."

Kenaka mlamu uja akutulukira pamadzi, akuyenda wapansi, wafunda nsalu yoyera, nkhafi yanga ili pamutu. Akugwada bwinobwino, akuiika patsogolo panga.

"Alamu, musavutike, ndabwera ndekha kudzatsanzika."

Ndikufuna kuyankha, koma ndere zatseka pakamwa.

Ndadzidzimuka Nabanda akusesa pafupi ndi mapazi anga. Kumaso sindinamuyang'ane. Ndangofunsa chapansipansi kuti nkhafi ija anaiika kuti.