Ndatsitsa Switchi, Magetsi Akuyakabe

Anthu a pa Mzimba Boma, amene munagula kabokosi “kopulumutsa mayunitsi” pa shopu ya zamagetsi ija, werengani izi mpaka kumapeto. Ndakwiya, koma mantha ndiwo andigwira kwambiri.

Ndine mphunzitsi, kwathu ndi ku Ntcheu. Kuno ndimakhala ndi mayi anga. Anafa ziwalo mbali imodzi, sayenda popanda wowagwira. Ndikapita kuntchito amatsala okha pabalaza ndi wailesi yawo.

Mayunitsi ankatha ngati ndili ndi chigayo kuchipinda. Mababu ndinasintha onse. Kusita ndinabwerera ku simbi yamakala. Nyemba ndimaphika pambaula. Ndiye nditamva za kabokosi koti ukangolumikiza pasoketi mita imayenda mwaulesi, ndinathamangira. Mwini shopuyo anati, “Madamu, aka nkochokera ku Joni. Mwezi ukatha mbwenu mubweranso kudzatithokoza.” Ndinapereka K35,000. Sekani, ndavomera.

Tsiku lomwelo switchi yaikulu ya pabolodi, ija imagwa yokha pakakhala vuto, inayamba kugwa. Ukaikweza, yagwa. Ukaikwezanso, yagwa. Ndinakadandaula. Anatumiza wamagetsi wawo ine ndili kusukulu, mayi anangomuuza kuti chitseko sichokhoma. Pobwera ndinapeza zonse zikuyaka, switchi osagwanso. Mwini shopu ndinamutumizira uthenga woyamikira, uchitsiru wanga.

Dzulo poweruka, fungo la pulasitiki linandilandira pakhonde. Mayi anati, “Mwanawe, chiyambire m'mawa china chake chikulira m'khomamu ngati njuchi.”

Ndinagwira khoma pamwamba pa soketi. Kutentha! Soketi yada bii, kabokosi kasungunuka mbali imodzi. Katani ili pomwepo. Mpando wa mayi uli pomwepo.

Ndinathamangira pabolodi nkutsitsa switchi. Babu la pakhonde likuyakabe. Wailesi ikuimbabe. Ndinakweza, ndinatsitsanso. Palibe chasintha. Kabokosiko ndinakazula ndi mthiko, kenako ndinawakokera mayi panja ndi mpando wawo womwe.

A Jere, oyandikana nafe, anabwera nkutsegula chivundikiro cha bolodi. Mkatimo muli waya wokhuthala wolambalala switchi. Ndiye kuti m'nyumba mwanga magetsi akulowa popanda chowaletsa. A Jere anagwira pakamwa. “Amama, uyu munthu wakonza chiyani apa? Wakuchotserani mlonda.”

Lero m'mawa ndinapita kushopu, kabokosi kali m'jumbo. Ndinakaika pakauntala. Mwini shopu sanakagwire nkomwe, maso ali pafoni.

“Palije suzgo, madamu, palibe vuto. Kakatentha ndiye kuti kakugwira ntchito.”

Kugwira ntchito? Ntchito yake yowotcha makatani?

Ndinamufunsa za waya uja. Anati switchi za m'nyumba za lendi ndi zamantha, zimagwa ndi zilizonse. Anati aliyense amene wabwera kudzadandaula amamupangira chimodzimodzi, ndipo onse amakondwa.

Aliyense? Nyumba zingati?

Anaseka. “Zambiri chomene. Yapsa ndi iti?”

Mwamva funso limenelo? Akudikira kuti ina ipse kaye.

Ndinati wamagetsiyo abwere tsopano lino adzachotse waya wake. Akuti palibe. Wapita ku Manyamula ndi katoni yodzaza timabokosi, akachoka kumeneko alowera ku Edingeni. Abwera liti? “Katundu akatha.” Nanga ndalama zanga? Akuti katundu wosungunuka sabweza. Ndikutuluka anandiuza kuti yewo.

Inu a shopu, ndiyankheni pano anthu akuona. Wamagetsi wanuyo anaphunzira kuti? Nyumba zimene analowamo mudzazitchula liti? Kapena mudzazitchulira pamaliro?

Ndipo inu amene munagula, zulani kabokosiko lero. Ngati munthu wawoyo anagwirapo bolodi yanu, tsitsani switchi yaikulu muyang'ane babu. Likapitiriza kuyaka, musagwire chilichonse mkatimo. Itanani wamagetsi wodziwa ntchito, ndipo musasiye mwana kapena wodwala yekha m'nyumbamo. Kutha kwa mayunitsi anga sikunasinthe ngakhale pang'ono, ngati mukufuna kudziwa.

Wodzakonza wanga abwera mawa. Lero mayi aswera pakhonde la a Jere. Akukana kulowa m'nyumba. Ndikuwafunditsa shawelo anandigwira dzanja ndi dzanja lawo lamoyo lija nkufunsa, “Ukanachedwa kumsonkhano wa aphunzitsi dzulo, ine ndikanatuluka bwanji?”

A shopu, ayankheni ndinu.